Mfundo za Ukonde, Mfundo za Mawu

Funso loyamba ndinalilakwa ndikumwetulira. Linali m'Chingerezi, koma tanthauzo lake linali ili: mbalame ndi chisa, nanga njuchi ndi chiyani? Pansi pake panali mayankho anayi: uchi, duwa, mng'oma, mbola. Sindinachedwe. Ndinazunguliza uchi n'kubweza pepala, mtima uli zii ngati nyanja ya m'bandakucha.

Aphunzitsi anayang'ana pepalalo, kenako anayang'ana ine pamwamba pa magalasi awo.

"Mwanangu, mbalame imatani ndi chisa?"

"Imagonamo."

"Nanga njuchi imagona mu uchi?"

Ndinafuna kutsutsa, koma mawu anandithera m'kamwa. Uchi unandikopa chifukwa njuchi ikatchulidwa, lilime limathamangira ku uchi mutu usanadzuke. Wolemba funsolo ankadziwa zimenezo. Anandiikira nyambo yeniyeni, ine n'kumeza pamodzi ndi mbedza, ine amene ndimagulitsa nsomba zophedwa mwa njira yomweyo. Ndinaseka mpaka misozi. Kenako ndinati, "Aphunzitsi, ndipatseni lina."

Mawu amenewo ndakhala ndikuwabwereza kuyambira tsiku limenelo.

Ndili ndi zaka 27. Ndimakhala tsidya la Shire, njira yopita ku Malindi. Ndimapikula nsomba ku doko m'mamawa n'kukagulitsa mu msika wa pa boma pa Mangochi. Mayeso a MSCE ndinakhoza, Chingerezi ndinapeza 6, kirediti ya pa malire penipeni. Kenako banja, kenako mwana, ndipo satifiketi inagona m'sutikesi pansi pa zitenje. Chaka chatha mtsikana wina amene tinkakhala desiki imodzi anabwera patchuthi kuchokera ku koleji ya aphunzitsi ya Machinga TTC, kufupi ndi Liwonde, n'kundifunsa chimene ndikudikira. Ndinasowa yankho. Iye ndiye anandichenjeza kuti satifiketi payokha sikulowetsa kumeneko: ukasankhidwa pa gulu loyamba, pali mayeso a aptitude.

Ndinkaganiza kuti ndi MSCE yaing'ono, yoti ndifukule makope akale ndilowezenso. Mlamu wanga ananditumiza kwa aphunzitsi ena opuma pantchito, amene anaphunzitsa Chingerezi ku sekondale zaka zambiri. Inali November, nyengo imene boma limatseka nyanja kuti chambo chiswane, ndipo msika ukapita kugona ngakhale wamalonda amapeza nthawi. Ndinakwera kabaza, kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi, kudutsa pa chipilala cha wotchi cha Mfumukazi Victoria, n'kukawapeza ali pa khonde, wailesi ili pambali, mayi akunyumba akukazinga mandasi kuseri.

Anatulutsa envulopu yofiirira yong'ambika m'makona. M'katimo munali mapepala a fotokope oyeserera, ena osaonekanso bwino. Anati ankawagwiritsa ntchito m'masiku amene Yunivesite ya Malawi inkalembetsa mayeso akeake olowera, bungwe la NCHE lisanayambe kusankhira pamodzi ophunzira a m'mayunivesite a boma. Mayeso amenewo ankayesa zinthu zitatu: luso la chiyankhulo, luso la masamu, ndi luso la kaganizidwe. Anathetsedwa, koma mtundu wa mafunsowo sunafe. Umapezekabe pakhomo la makoleji ndi pa ntchito zambiri, ndipo ngakhale bungwe la MANEB la ku Zomba, lomwe tonse timalidziwa ndi mayeso a Sitandade 8 ndi Fomu 4, limakonzanso mayeso a mtundu umenewu.

"Ndiloweze kuyambira pati?" ndinafunsa.

"Palibe choloweza," anatero. "N'chifukwa chake anthu amawaopa."

Tsiku limenelo anandipatsa lamulo limodzi lokha. Ukaona mawu awiri aikidwa pamodzi, usathamangire ku mayankho. Yamba wapanga chiganizo chachifupi chonena ubale wawo. Mbalame imagona m'chisa. Ukatero, tenga chiganizo chomwecho ukayese pa mawu enawo, ngati mmene umayesera kiyi mmodzi pa maloko anayi. Njuchi imagona mu uchi? Ayi. M'duwa? Ayi. Mu mng'oma? Loko watseguka.

Pobwerera kunyumba dziko lonse linali litasanduka mafunso. Mnyamata wa kabaza akupalasa, ine m'mutu: nkhafi imayendetsa bwato, pedulo imayendetsa njinga. Pa mlatho kunkawomba kamphepo: mwera ndi mtundu wa mphepo, chambo ndi mtundu wa nsomba. Kunyumba ndinaona zovala pa chingwe: usipa umauma pa thandala, malaya amauma pa chingwe. Ndinapsereza ndiwo usiku umenewo.

Bambo akunyumba anali pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde. Ndinawafotokozera zonse mothamanga, ngati mwana wobwera ku sukulu tsiku loyamba. Anamvetsera osatukula mutu, chala chikuzungulira ndi ulusi.

"Ndiye kuti akufunsa mfundo," anatero. "Ulusi aliyense angagule. Ukonde ndi mfundo."

Ananena za ukonde wawo, koma ine ndinaima chilili. M'Chichewa mawu omwewo amene amatchula pomwe ulusi wamangana ndi unzake ndi amenenso timatchulira ganizo lomveka pa bwalo la milandu. Ndinali nditaloweza mawu a Chingerezi zaka zonse za sukulu, limodzilimodzi, ngati munthu wounjika ulusi m'nyumba osadziwa kumanga. Palibe anandiuzapo kuti kokoma kuli pakati pa mawuwo.

Sabata yachiwiri tinafika pa mafunso osankha chosiyana ndi zinzake. Apa aphunzitsi anandiyesa dala ndi za kwathu: chambo, utaka, mcheni, kampango.

"Kampango," ndinayankha asanatseke pakamwa.

"Chifukwa ndi wamkulu?"

"Ayi. Alibe mamba. Zinazo ndimapala tsiku ndi tsiku, kampango sapalidwa."

Anawomba m'manja kamodzi. Anati chinsinsi ndi chimenecho: usafune chimene chikuoneka chachilendo, funa chingwe chimene chamanga zitatu, ndipo chachinayi chidzagwa chokha. Ndinawauza kuti zimenezi agogo anga ankatichita usiku uliwonse pa mkeka. Iwo amati "Ndagi!" ife "Gize!" Nyumba ya amayi yopanda khomo. Umafunafuna chimene chikumanga nyumba ndi dzira, ndipo ukalephera umapereka ng'ombe ya pakamwa kuti akuuze. Aphunzitsi anati kwawo, chigawo chapakati, amati "Chilape!" ena n'kuyankha "Nachize!" koma ng'ombe yake ndi yomweyo. Kuyambira pamenepo funso lililonse limene ndalephera ankalemba ng'ombe imodzi kuseri kwa envulopu. Pofika Khirisimasi ndinali ndi ngongole ya khola lathunthu.

Ng'ombe zambiri zinapita pa mafunso a mtundu wachitatu. Amakupatsa ziganizo ziwiri kapena ndime yaifupi, kenako chiganizo china, n'kukufunsa ngati chili choona, chabodza, kapena sitingadziwe. Limene linandigwetsa koyamba ndikulikumbukira bwino. Asodzi onse a pa doko lino amadziwa kusambira. Mnyamata uyu amadziwa kusambira. Choncho mnyamata uyu ndi msodzi wa pa doko lino.

"Zoona," ndinatero.

"Inu mumadziwa kusambira?"

"Ndinabadwira m'madzi ine."

"Ndinu msodzi?"

Ng'ombe ina. Ndinayesa kudziteteza kuti kwathu mnyamata wodziwa kusambira nthawi zambiri amakhala msodzi. Iwo anati zimene ndikudziwa ndizisiye panja pamodzi ndi nsapato. M'funso lotere umboni ndi umene uli pa pepala basi. Anandikumbutsa za bwalo la kwa amfumu, pamene mboni ikayamba kutambasula nkhani, nduna imaidula: mwaona ndi maso anu, kapena mwangomva? Anandiphunzitsa kutchera khutu ku timawu tating'ono timene ndinkatilumpha powerenga: onse, ena, palibe, okha, nthawi zina. "Ena" si "onse". "Ambiri" si "onse". Ndipo "sitingadziwe" si yankho la munthu wamantha. Nthawi zambiri ndi yankho la munthu yekhayo amene wawerenga bwino.

Timawu timeneti tinanditsata mpaka ku msika. Mayi wina anandiuza kuti ogulitsa nsomba onse ndi akuba. Ndinamufunsa mwaulemu ngati akutanthauza onse kapena ena. Anandiyang'ana ngati ndayamba misala, koma anagula.

Galamala ndinkaiopa kuposa zonse. M'mutu mwanga galamala inali chikwapu, inali inki yofiira. Taganizani njira imene mwana wa kuno amayenda. Kunyumba ndinakula ndi Chiyao cha agogo. Ku sukulu makalasi oyamba anali m'Chichewa. Madzulo ku madrasa kunali Chiarabu. Pofika Sitandade 5 maphunziro anatembenukira ku Chingerezi, ndipo tinauzidwa, mwa mawu ndi mwa nkhope, kuti chiyankhulo chachinayichi ndicho chili ndi malamulo, zinazo ndi zongoyankhula.

Funso linali loti ndisankhe pakati pa has ndi have m'chiganizo ichi: The basket of mangoes ... fallen. Ndinaona mangoes ali pafupi, ambiri, n'kusankha have. Aphunzitsi sananene kuti ndalakwa. Anati ndinene chiganizocho m'Chichewa.

"Dengu la mango lagwa."

"Bwanji simunati dengu la mango agwa?"

"Zimenezo si Chichewa."

"Wakuuzani ndani?"

Palibe anandiuza. Khutu langa limangokana. Chagwa ndi dengu, mango angotsatira, ndipo ka "la" kaja m'mawu oti "lagwa" kamabwerera m'mbuyo, kulumpha mango, kukagwira dzanja la dengu. Aphunzitsi anati dengu ndilo mwininkhani, ndipo mneni amamvera mwininkhani, osati mawu amene angoyandikana naye. Chingerezi chimafuna zomwezo, kungoti chimazionetsa ndi kachilembo kamodzi kapena kusintha kochepa, pamene Chichewa chimazilengeza pa mawu alionse. Chambo chachikulu chija chavunda. Nsomba zazikulu zija zavunda. Usipa wouma uja watha. Mwana wanga wa zaka zinayi salakwa zimenezi, ndipo sanamvepo za magulu a mayina, Mu-A, Mu-Mi, Chi-Zi, Li-Ma ndi ena aja tinkaimba mu Fomu 1 osadziwa kuti akunena za pakamwa pathu pomwe.

"Mzungu wophunzira Chichewa amatuluka thukuta pamenepa," anatero aphunzitsi. "Inu mukuopa has ndi have?"

Ndinawafunsa ngati Chiyao nachonso chili ndi galamala. Anaseka n'kundifunsa kuti munthu mmodzi timati chiyani. Mundu. Ambiri? Ŵandu. Chinthu? Chindu. Zinthu? Yindu. Ndinadzimva ndekha ndikutchula magulu a mayina m'chiyankhulo cha agogo anga amene sanapondeko m'kalasi. Anandiuza kuti mmishonale wa ku Scotland, Alexander Hetherwick, anasindikiza buku la malamulo a Chiyao mu 1889, Fort Johnston, yomwe lero ndi Mangochi, isanakhazikitsidwe mu 1891. Malamulowo sanawapange iye. Anangowamvera pakamwa pa anthu n'kuwalemba.

Kuchokera pamenepo tinayamba kusaka malo amene ziyankhulozi zimasiyana njira, chifukwa pamenepo ndi pomwe olemba mayeso amatchera misampha. Chichewa sichisiyanitsa mwamuna ndi mkazi pa mlowam'malo, n'chifukwa chake he ndi she zimatisokonekera pakamwa. Timati "ndibwerekeni mpeni" ndiponso "ndabwereka mpeni", ndiye borrow amatikwanira ponseponse, lend n'kutsala ali yekha. Timawu ta a ndi the ndinkatiyesa zokongoletsera, mpaka aphunzitsi anandifunsa kusiyana kwa "kwabwera munthu" ndi "wabwera munthu uja". Woyambayo sitikumudziwa, wachiwiriyo tonse tikumudziwa. Basi, nkhani inathera pomwepo, nkhani imene inandizunza zaka zinayi za sekondale.

Chimene chinandisangalatsa koposa ndi kuphwanya mawu aatali. Timati kutseka, kutsekula. Kumata, kumatula. Kachidutswa kamodzi kamatembenuza ntchito yonse. Chingerezi nacho chimatero, kungoti kachidutswako chimakaika kumayambiriro: lock, unlock. Ndinaphunzira kuti liwu lalitali lili ngati kampango wamkulu: sulimeza lathunthu, umalidula mutu, pakati ndi mchira. Tsiku lina ndinakumana ndi liwu loti unsinkable, limene sindinalionepo chibadwire. Ndinadula: un, sink, able. Chosatheka kumira. Ndinakuwa ndekha pa benchi mu msika, anzanga n'kuyesa kuti ndaberedwa.

Mabuku ndinalibe. Aphunzitsi anali ndi mtanthauziramawu wa Chichewa ndi Chingerezi wa Steven Paas, koma sunkachoka pakhomo pawo. Anandiuza kuti buku langa ndi nyuzipepala zakale zimene timakulungira nsomba. Ndisanang'ambe tsamba la The Nation kapena The Daily Times, ndiziwerenga ndime imodzi n'kudzifunsa zinthu zitatu: akunena za ndani, wachita chiyani, ndipo wolembayo waona kapena wangomva? Mawu achilendo ndinkawalemba m'kope la ngongole, kumbuyo, asanu okha pa tsiku, lililonse ndi chiganizo changachanga. Nkhani zambiri ndinaziwerenga theka, chifukwa theka linalo linali litapita kale ndi mcheni wa kasitomala.

Sindikufuna kunamiza munthu kuti mayesowa ndi olungama ngati sikelo yatsopano. Ku America kuli mayeso olowera ku yunivesite otchedwa SAT, amene anayamba mu 1926. Funso lawo lina lakale limatchulidwabe mpaka lero. Linkafuna kuti mwana aone kuti ubale wa wothamanga ndi mpikisano wa marathon ndi womwewo wa wopalasa bwato ndi regatta, mpikisano wa mabwato umene umadziwika kwambiri kwa anthu opeza bwino. Aphunzitsi atandiuza, ndinaganiza za anyamata a ku Makanjira ndi ku Chembe amene amapalasa usiku wonse, siginala, wokopa nsomba, ali patsogolo ndi nyali zake, manja atachita zikang'a. Pa funso la kupalasa iwowo akanagwa, wina amene sanagwirepo nkhafi n'kukhoza. Mafunso a ubale wa mawu anachotsedwa mu SAT mu 2005. Kwathu kuno alipobe, ndipo amabwera m'Chingerezi, ndiye mwana wa ku Namwera amalipira kawiri: ayambe wawoloka chiyankhulo, kenako aganize. Wa ku sukulu yolipira ya mu mzinda amangoganiza.

Izi zimandiwawa. Koma zinandithandizanso kusiyanitsa matenda awiri amene ndinkawayesa amodzi. Pali kusadziwa liwu, ndipo pali kusaona ubale. Koyambako mankhwala ake ndi kuwerenga, tsiku ndi tsiku, pang'onopang'ono, poti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kwachiwiriko ndinapeza kuti sindidwala kwenikweni. Zaka zonsezi ndinkadziyesa mbuli, pamene ndinali mlendo chabe.

Masabata omaliza aphunzitsi anabweretsa mdani wina: nthawi. Ankaika foni pa tebulo, mafunso 20, mphindi 15. Ine amene ndinkakonda kulitembenuza funso uku ndi uku ngati chambo pa makala, ndinayenera kuphunzira kulisiya. Likakukanika, ika kadontho, pita kutsogolo, udzabwerere. Yamba wachotsa mayankho awiri oonekeratu kuti ndi abodza. Zinkandipweteka ngati kusiya nsima ndisanakhute.

Mayeso tinalembera pa sukulu ina. Tinali ambiri, ena atanyamula ana kumsana mpaka pa geti. Manja ankanjenjemera mpaka nditatsegula pepala, koma nditaona mafunso a mawu ndinamva ngati ndakumana ndi anthu akwathu m'basi ya ku Lilongwe. Ndinaona nyambo zikulendewera, uchi uja atauveka zovala zina, ndipo ndinazilambalala. Masamu anandidyera nthawi. Atati zolembera pansi, mafunso anayi anali asanayankhidwe, ndipo limodzi la mawu ndinali nditaliika kadontho osabwererako. Linanditsata panja. Linakwera nane kabaza. Tili pakati pa mlatho, Shire akutsetsereka pansi kulowera ku Malombe, yankho linangotulukira lokha, ndipo ndinamenya msana wa mnyamata wa kabaza mpaka anatsala pang'ono kugwetsa njinga.

"Achemwali, n'chiyani?"

"Ndalipeza!"

"Mwataya chiyani?"

Zotsatira sizinatuluke. Ndimagulitsabe nsomba, ndimawerengabe theka la nkhani. Lachinayi lapitali ndinapitanso pa khonde paja. Aphunzitsi anadabwa.

"Mayeso anatha, mwanangu. Mwaiwala chiyani?"

"Ndabwera kudzatenga ng'ombe zanga. Ndagi!"

Anakhala tsonga, kuchepetsa wailesi. "Gize."

"Mtengo ndi nkhalango. Nanga mtengo ndi chiyani?"

"Mwabwereza liwu."

"Sindinabwereze, aphunzitsi. Pangani chiganizo."

Ndinanenanso pang'onopang'ono, woyambawo ndikukweza mawu, wachiwiriwo ndikutsitsa. Anavula magalasi. Anayang'ana kudenga. Milomo inkayenda, akuyesa kiyi pa loko uyu ndi uyo. Tiyi anazizira m'kapu. Ndinawaona akuyandikira, akubwerera, akuyandikiranso, ndipo ndinadziwa kukoma kumene iwo ankamva miyezi yonseyi akundiyang'ana ine.

Yankho linachokera kuseri kwa nyumba, pakati pa phokoso la mafuta.

"Msika!" anakuwa mayi aja. "Bambo inu, mtengo wa mandasi mumaupeza kuti?"

Aphunzitsi anatenga envulopu yofiirira ija, kuitembenuza, n'kufufuta ng'ombe imodzi.